Mmene ndinakonzera mabuku osawonongeka

Mpaka lero Mayi Tembo akamadutsa pakhonde langa pa Boma amandipatsa moni bwinobwino, koma maso awo amakhala pa manja anga. Sindiwaimba mlandu.

Ine ndimagulitsa mabuku akaunjika, ndipo ong'ambika ndimasoka ndekha (luso limeneli ndimalinyadira, mwina mopitirira). Mayi Tembo amathandiza amalonda kuombola katundu ku boda. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwapezere mabuku a zithunzi a ku Japan otchedwa manga, nkhani imodzi yokhala m'mabuku khumi ndi awiri. Anati ali ndi anzawo okonda zomwezo, ndipo oyambawa akafika bwino, onse aziitanitsa kwa ine mwezi ndi mwezi. Kwa munthu amene amatha sabata atagulitsa dikishonale imodzi, awa anali mawu okoma.

Mabukuwo ndinawapeza kwa Ba Mulenga, wamalonda wa ku Chipata. Bokosi linafika Lachitatu, buku lililonse lili m'pulasitiki yakeyake. Ndinang'amba mapulasitikiwo (kasitomala sapatsidwa katundu wosamuyendera). Chikuto cha kutsogolo anachimata kumbuyo. Onse khumi ndi awiri.

Ndinaimba foni ku Chipata.

"Ba boss, ni mwamene yabwelela ayo," anatero Ba Mulenga. "Osayagwila."

Ndinadula foniyo. Wogulitsa aliyense amatero akakupatsa katundu wolakwika.

Ndikunola lezala, a Yusufu a golosale yoyandikana nane anasuzumira, n'kutenga buku limodzi.

"Achimwene, athu a kumadrasa amatsegukanso chonchi, kuyambira kumanja."

"Awa si achipembedzo, a Yusufu," ndinawayankha mwaulemu. Anabwerera kugolosale kwawo.

Ndinamatula zikuto zonse n'kuzimata mbali yoyenera. Guluu atauma ndinawerengako buku limodzi. Nkhani inkayamba ndi maliro, kenaka malemuyo n'kudzuka, kumenya nkhondo, n'kumaliza ali mwana wasukulu. Apa ndinazindikira kuti fakitale inalakwitsanso masamba. Ndinadula msana wa buku lililonse n'kulisoka mbali inayo ndi ulusi wa nsapato. Zinanditengera masiku awiri. Mkazi wanga anafunsa ngati mwini wake akudziwa. Ndinati ndikufuna adzangodabwa.

Anadabwadi. Loweruka Mayi Tembo anabwera ndi anzawo awiri. Anatenga buku loyamba n'kuyesa kulitsegula cha kumanja. Linakana. Analitembenuza, n'kuyang'ana ulusi uja nthawi yaitali.

"Bambo, awa mwawatani?"

"Ndawakonza, mayi. Zaulere."

"Mapulasitiki aja?"

"Ndinayatsira mbaula."

Sanakalipe, ndipo ndikadakonda akadakalipa. Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga amachitira ndi dalaivala wosadziwa kulemba fomu, kuti ku Japan buku limayambira kumanja, ndipo okonda mabukuwa amawafuna choncho. Anati anawadikira chaka chathunthu. Mnzawo mmodzi anapempha kuti ajambule ulusi wanga pafoni. Ndinalola. A Yusufu anali ataima pakhomo pawo, akupukuta sikelo yomwe inali yoyera kale. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Masiku ano gulu lonselo limaitanitsa lokha kwa Ba Mulenga, ndipo mabokosi ake amadutsa pakhomo panga pa kabaza. Ine ndinatsala ndi mabuku khumi ndi awiri osokedwa molimba kuposa ena onse mu Mchinji muno.

Makasitomala akasowa ndimawawerenga. Nkhani yake ndi yokoma, kungoti pali vuto limodzi lomwe ndinaliphonya: patsamba lililonse tizithunzi timayendabe kuchokera kumanja, moti munthu amayankha asanafunsidwe. Ndaona kuti kudula kachithunzi kalikonse n'kukamata pamalo pake kungatenge sabata ziwiri zokha.

Mkazi wanga anabisa sizasi.