Kutsanzika Ulendo wa ku Kilimanjaro

Lolemba
Dzina langa lili pa gulu la mpingo lokakwera phiri la Kilimanjaro ku Tanzania. Koma alilemba ndi pensulo. A Zimba, msilikali wopuma amene akutitsogolera, akuti Loweruka akatiyesa pa phiri la Mchinji, aliyense ndi chikwama chake monga momwe adzanyamukire. Wotsalira m'mbuyo amufufuta. Mtima uli m'mwamba. Ine mlimi wa kwa Mlonyeni, chachitali chomwe ndinakwerapo ndi denga la chigafa.
Malamulo a sabata ino:
– kuthamanga m'mawa uliwonse
– kudya mopepuka
– kuzolowera jombo
Jombozo ndagula pa kaunjika kuboda. Wogulitsa akulumbira kuti zinapondapo chisanu chenicheni. Pakadali pano zikungondiluma chala.

Lachiwiri
Ndikuthamanga mpaka pa mjigo. Amayi otunga madzi atula zidebe, akufunsa ngati kwagwa zovuta. Pobwerera ndikuyenda bwinobwino ngati munthu.
Kunyumba mkazi wanga akundiyang'ana cham'mbali: "Bambo a Tadala, munthu sapita kunja ngati mbuzi yodula chingwe. Mwatsanzika kwa amalume?" Sindinatsanzike. Ndipo akunena zoona, ndikakauma pamwambapo adzakanditenga ndani?
Masana ndili kwa amalume. Ndisanamalize moni, tambala walira komaliza. Ndikuti ndauzidwa kudya mopepuka, iwo akuti wapaulendo sachoka pakhomo ndi njala. Kukana ndi mwano. Ndadya. Kamba: mtedza wokazinga, jumbo yodzaza.

Lachitatu
Kuthamanga kulibe, mimba sikulola. Foni ikulira, ndi azakhali a kwa Zulu: "Kwa amalume anu mwapita. Ifeyo ndife mitengo?" Ndakwera njinga, nditavala patapata, chifukwa jombo zikukana kupalasa.
Nyama ya nkhumba. Thobwa. Thobwa lina, loti ndikamwe ndikumbukire kwathu. Azakhali amva kuti kumeneko madzi amauma ngati mwala, ndiye atulutsa bulangete lawo laukwati, lija limafuna anthu awiri pochapa. Awonjezera mbatata ndi nsinjiro. Ndathokoza ndi manja awiri, koma mumtima ndikulira.

Lachinayi
Kwa apongozi ku Chiosya. Anthu amene sindiwayang'ana n'kumaso komwe, ndingawauze bwanji kuti ndakhuta? Ndadya nditazolika. Nditatuluka, alamu anga a nyumba yoyandikana ayala kale mphasa. Kudya uku n'kusiya uku ndi mlandu woti ungakhale mpaka chaka chamawa. Ndadyanso.
Apongozi aakazi alankhulira kuseri kwa nkhokwe kudzera mwa mwana wawo: "Muwauze kuti nkhukuyi akaphere pamwamba penipeni, asakadye za m'zitini." Yamoyo! Yabwera nane pa keliyala, njira yonse ikunditsutsa.
Kwatsala mawa lokha. Phiri la Mchinji ndikuliona patali, ndipo likuoneka kuti lakula.

Lachisanu
Lero madzi okha. Ndatsimikiza.
A kwaya afika kudzandiimbira nyimbo zotsanzika. Abwera ndi zitumbuwa ndi mandasi, ndipo aima mondizungulira kuti aone ngati ndikudya. Nyimbo zake zonse ndi zija timaimba poperekeza maliro. Ndadya, iwo akuimbabe.
Madzulo ndikulongedza. Ndikuyesa kusiya bulangete pansi pa bedi, mkazi wanga wandigwira: "Mawa abale onse akubwera kudzakuonererani. Azakhali akapanda kuliona mudzati chiyani?" Lalowa. Mtedza walowa. Mbatata yalowa. Jekete la chisanu, lomwe a Zimba analamula, lasowa malo. Chikwama ndikuchidzutsa ndi bondo, chikundibweza. Ambuye, ndikungopempha kuti ndisafufutidwe.

Loweruka
Abale afika m'munsi mwa phiri pa ngolo, aliyense maso ali pa mphatso yake. Anzanga a pagulu ali ndi tizikwama tating'ono ndi botolo la madzi. A Zimba akundizungulira, akuyang'ana nkhuku yomwe yasuzumira pamwamba pa chikwama changa: "Bambo, mukusamuka?"
Tanyamuka. Jombo zikuluma, mimba ikubangula, zingwe za chikwama zikudula mapewa. Anzanga alowa m'mitengo, sakuonekanso. Pa mwala waukulu woyamba miyendo yakana. Ndakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Kumunsi abale akuwomba m'manja, akuyesa ndagwada kupemphera.
Gulu landipeza pomwepo likutsika. A Zimba sanakalipe. Angonditula chikwama, achiyesa ndi dzanja, apukusa mutu. Kenako afunsa ngati alipo ali ndi chofufutira.

Lamulungu
Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Malo anga pa gulu lokakwera phiri atenga mayi wina wophunzitsa ku pulaimale, amene akuti sanauze munthu aliyense za ulendowu, ngakhale mchemwali wake. Zikundiwawa, sindinama. Ndimafuna nditaona dziko lili pansi pa mapazi anga kamodzi kokha ndisanakalambe.
Ndimaganiza kuti abale andiseka. Ayi ndithu. Amalume atumiza uthenga: munthu amene anatsanzika ndi wapaulendo basi, kaya wafika kutali kaya pa mwala woyamba, ndipo wobwera ku ulendo amayenera kulandiridwa khomo ndi khomo. Mawa tiyamba kwa iwo, Lachiwiri kwa azakhali.
Ndatenga msomali, ndaboola bowo lina pa lamba.