Mizati ya Che Hamadi

Aliyense wa ku Nsanama amene ali ndi makutu akudziwa kuti malemu Che Hamadi ankatukwana mitengo. Osati yonse, iyayi. Mkuyu ankaupatsa moni ngati apongozi. Koma akangoona bulugamu ankakankhira kofia kumbuyo, kulavula, n'kuyamba: "Chidakwa iwe! Lero wamwa mtsinje wa yani?"

Ine Yotamu, amene pamsika amanditcha wailesi yosatha batire, ndinkawakonda chifukwa pakamwa pathu pankafanana. Sukulu yawo inali ya phazi. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ankafukula ndi chala pansi pa mkuyu, dothi lili zii, lachinyezi. "Ukuona? Masamba ovundawa ndi bulangeti. Mvula imagona momwemu, n'kumatsikira kukasupe pang'onopang'ono." Pansi pa bulugamu, gwa, ngati simenti. "Uyu amamwa yekha, mlendo osamusiyira ngakhale dontho."

Chaka china tcheyamani wa chipani, a Goliati, munthu wamfupi ngati mtondo, wokulira m'tauni, anaitanitsa msonkhano. Anati phiri la pamwamba pa kasupe wathu ndi tchire lochititsa manyazi. Mikuyu igwetsedwe, padzalidwe bulugamu. Kasupe ameneyo ndiye ankamwetsa midzi itatu, ndipo Asilamu ankatawaza pomwepo popita kumzikiti.

"Alipo wotsutsa?"

Kumbuyo kwathu kunaima anyamata a malaya ofiira. Masiku ano, abale, munthu amasowa chifukwa chongotsokomola pamalo olakwika. Tonse tinawerama. Kenako ndinaona dzanja la Che Hamadi likukwera.

"Bwana, ndikupempha ntchito yolera ana a bomawa. Mphepo ya kuno ndi yamwano. Mbande iliyonse ifunika mzati wouchirikiza."

A Goliati anaomba m'manja. Ine magazi anawira. Panjira ndinawalalatira: "Akugulani ndi chiyani, akulu inu? Shuga?"

"Tseka mlomo, nyamula nthambi."

Zinali nthambi zaziwisi za mikuyu yomwe anagwetsa ija. Pambali pa mbande iliyonse ankazika imodzi, n'kumanga ndi luzi mwaulemu. Tsono aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti nthambi ya mkuyu ukaizika nthawi ya dzinja imagwira mizu. A Goliati okha ndiwo sankadziwa. Ndipo midzi itatu inakhala chete! Ngakhale Abiti Sakina, amene nkhani imawawotcha m'kamwa ngati mbatata, anangoti duu chaka chathunthu. Mankhwala ophera chiswe amene anapatsidwa kuti ateteze mbande, mkulu uja anathira pansi pa nkhokwe yake. Chiswe chinadya bulugamu mpaka kunenepa.

Mvula yachiwiri itagwa, a Goliati anakwera phiri ndi alendo ovala masuti. Phiri lonse biriwiri. Koma masamba ake!

"Mizatiyi bwanji yaphuka?"

"Yakondwa ndi chitukuko, bwana."

Wina kumbuyo anaseka, kaphwete kamodzi kokha. Kaphwete kameneko ndiko kanawononga zonse. A Goliati anatembenukira kwa ine, maso ali psu.

"Iwe wolongolola, akuti unkanyamula nawo nthambi."

Ine Yotamu, amene ndinatukwanapo kondakitala kuchokera ku Liwonde mpaka ku Balaka osapuma, lilime linauma ngati chikopa. Ndinkaganiza za ana anga anayi.

"Ngwamba!" anakana Che Hamadi m'Chiyao chawo. "Uyu? Sasiyanitsa mkuyu ndi chinangwa. Ndinali ndekha."

Anyamata a malaya ofiira aja anawakweza galimoto Che Hamadi dzuwa lili paliwombo, tonse tikuona, tonse tikunamizira kusaona. Ine ndinayang'ana zala zanga zakuphazi. Mundiweruze ngati mukufuna, koma munalibepo.

Mikuyu ija sanaizule. Akanayamba bwanji? Kudula mtengo wamoyo paphiri la boma unali mlandu womwewo umene anatengera Che Hamadi, ndipo a Goliati ankaliopa galimoto lija kuposa ife.

Patatha miyezi khumi Che Hamadi anatulukira, ataonda ngati bango, mano akutsogolo palibe. Sanafikire kunyumba. Analunjika kukasupe, kugwada, kusamba m'manja ndi kumaso. Munali mu Okutobala, madzi akutuluka ndithu. Pamzere wa ndowa panali akazi a a Goliati, chifukwa kwawo kuseri kwa phiri, komwe bulugamu anakula bwino, mtsinje unali utasanduka msewu wa mbuzi. Mkulu uja anawatungira yekha, n'kuwasenzetsa.

Za kumene anali sananenepo. Kufuula anasiya. Akadutsa pa bulugamu ankangogwedeza milomo, ndipo galimoto likalira patali ankakhala pansi pomwepo.

Tinawaika chaka chatha, atasambitsidwa ndi madzi a kasupe yemweyo. Nsanama tsopano yazizira. Mitengo palibe woilonjera, palibe woitukwana. Ine ndikafika pa bulugamu wa pamphambano ndimaima, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, ndipo ndikaona kuti palibe malaya ofiira, ndimanong'ona: "Chidakwa iwe."