Masaya a Che Anwari

Che Anwari a ku Tandale sankalola munthu kutuluka mu situdiyo yawo ali woonda. Ukalowa ngati bango, pachithunzi unkatuluka ngati mwini mabasi. Amalawi a mu Dar es Salaam ankawakonda, poti chithunzi chopita kumudzi chimayenera kuchitira umboni kuti mwana akudya.

"Si bodza ili," ankatero. "Ndikungokuonetsa mmene udzakhalire Mulungu akalola."

Boma lokha ndilo silinkamva za ulosi. Mayi Keziya atapita ndi chithunzi chotere ku ofesi ya ziphaso, bwana wa pawindo anayang'ana pepala, nayang'ana mayiwo, n'kugamula mwaulemu kuti chithunzi chilibe vuto, wosakwanira ndi mwini wake. Abwerenso akadya.

Tsiku lina kunafika Danieli, wonyamula katundu mumsika, atangotuluka m'chipatala, khosi likusambira mu kolala. Amayi ake ku Mulanje anali atamva mphekesera, ndipo ankaopseza kukwera basi ndi miyendo yawo yotupatupa ija.

"Shikamoo, Che Anwari. Ndikonzeni, chonde, amayi asabwere. Ulendo umenewu ungawaphe."

Kompyuta yakale inayesetsa. Inafufumitsa tsaya lakumanja, kenako inatentha n'kuuma gwa, Danieli n'kutsala ngati wodwala dzino. Che Anwari anaisisita, naithokoza chifukwa cha utumiki wake, n'kukwera minibasi ya daladala kupita kumsika wa Kariakoo kukagula ina.

"Mzee, tengani iyi," anatero wogulitsa. "Ili ndi timagetsi tophethira, pa masewera imathamanga ngati njinga yamoto ya bodaboda."

"Ukundiona ngati wosewera ine? Ndiuze za ramu, mphamvu yake yosenzera ntchito. Ingasenze masaya awiri nthawi imodzi?"

"Masaya?"

"Ndi chibwano chomwe."

Anagula ramu yochuluka ndi purosesa yosachedwa kupsa mtima. Sikirini ankaisankha pojambula mkono wawo n'kuugunditsa pagalasi kuti afanizire khungu. "Iyi yandiyeretsa ngati ndagwa m'chigayo. Chotsa. Iyi yandifiiritsa ngati nyama ya pabutchala. Chotsa." Wogulitsa anatsala pang'ono kusiya ntchito. Bokosi lachitsulo loikamo makinawo analikana, ati limasunga thukuta. Anapita ku Mwenge, kumene wosema ziboliboli anawakhomera lathabwa lazibowo, pamwamba n'kuikapo kanyamalikiti, poti thabwa lopanda nyama silinkatuluka m'manja mwake.

Makina atsopanowo anagwira ntchito osadandaula. Danieli anadziona ali ndi masaya owala, khosi lopindikana, ndipo misozi inalengeza. Chithunzi chinapita.

Sabata isanathe, bajaji, takisi ya matayala atatu, inaima pakhomo pa situdiyo. Munatsika mayi wokalamba, ndodo kutsogolo, Danieli kumbuyo atasenza thumba la nyemba, maso pansi.

"Ojambula ndinu?"

"Ndine, mayi."

"Nkhope mwaikhoza, ndi ya bwana ndithu. Koma manja mwawaiwala. Manja awa ndi a mwana wanga wodwala."

Che Anwari anakulitsa chithunzicho pa sikirini yawo yosanama ija. Zala zinali ngati timitengo ta machesi. Anavula kofia.

"Mayi, ndazungulira Kariakoo yense, koma maso ngati anu sagulitsa."

"Musachifufute," anatero mayiwo. "Chitsukeni chachikulu. Ndichikhoma pakhoma, ndipo sindichoka mpaka uyu afanane nacho."

Mayiwo anakhaladi mpaka kolala inayamba kumuthina Danieli. Che Anwari ankamuimika panjira, kumutsina tsaya, n'kuitana odutsa kuti aone ntchito yawo itamalizidwa ndi katswiri.

Che Anwari anamwalira chaka chatha, ali woonda monga anakhalira moyo wawo wonse. Situdiyo ija pano agulitsamo zovala za mafoni. Achinyamata amadzijambula okha, foni n'kuwasongola chibwano, kuwaphwetsa masaya, iwo n'kutumiza kumudzi akunyadira. Ndiye madzulo mukamadutsa m'tinjira ta Tandale mumva mafoni akulira khomo ndi khomo, ndi mawu otopa akuyankha kuti, "Ayi amayi, sindikudwala. Ndikudya, amayi. Ndithu ndikudya."