Mayi Msempha a Kuseri kwa Uvuni

Mayi Msempha, amene tinawaika m'manda chaka chatha, ankadziwika ndi zinthu ziwiri mumsewu wathu: kukonda mafilimu a anthu oyamwa anzawo magazi, ndi kudzipinda ngati waya m'chipinda chotentha mpaka thukuta kutulukira kunsi kwa chitseko. Zonsezi ankachita ali ndi imvi mutu wonse, komanso ali mwana wa sukulu ku koleji.

Ine ndimaphika buledi. Pakamwa panga mpolemera, koma zenera la shopu yanga limaona zambiri.

Kuseri kwa uvuni wanga kuli kachipinda kamene khoma lake ndi lomwelo la uvuniwo. Palibe anakhalamo mwezi n'kutha. Mphunzitsi wina anayesa, makandulo ake anapindika asanayatsidwe, iye n'kusamuka. Wina anasiyamo thireyi ya mazira popita kumaliro, ndipo mpaka lero amalumbira kuti pobwera anapeza anapiye.

Tsiku lina masana kunafika mayi wamfupi, wojintcha, chikwama cha mabuku chili kumsana ngati mwana wa pulayimale. Akazi anga anawalandira, n'kuwafunsa ngati chipinda akufunira mwana wamwamuna kapena wamkazi.

"Mwana wake ndine," anatero mayiwo.

Akazi anga anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana ufa.

Tinawaonetsa chipinda chabwino cha mazenera awiri, anakana. Atafika ku kachipinda kotenthako anaika chikhatho pakhoma, n'kutsinzina ngati munthu wolawa uchi. Anafunsa ngati kamatentha choncho tsiku lonse. Akazi anga, pofuna kuchepetsa manyazi, anati madzulo kamazizirako.

"Musadandaule, chemwali," anatero. "Vuto limenelo tithana nalo."

Mbiri yawo tinaimva pang'onopang'ono. Amuna awo anamwalira kalekale n'kuwasiyira mwana mmodzi. Anamulera ndi ntchito yochapa nsalu za m'chipatala, mpaka mwanayo anakhala bwana ku banki. Atapuma ntchito anati atopa kuona magazi pa nsalu, tsopano akufuna kukawaona pamakina. Ndiye analembetsa maphunziro otenga ndi kuyeza magazi, m'kalasi limodzi ndi ana a msinkhu wa zidzukulu zawo.

Loweruka loyamba akazi anga anawatengera tiyi wa chilandiro. Ndinangomva makapu kuphwanyika. Kenako anatulukira m'shopu, maso ali kunja.

"Bambo, mlendo uja wathyoka."

Ndinapita. Pamene pamayenera kukhala mutu panali mapazi. Mutu unali pansi, pa kamphasa ka labala, ukundiyang'anira pakati pa mawondo. Anali atavala buluku lothina, atatseka mpata wa chitseko ndi masanza, ndipo pakona panali beseni la madzi otentha likufuka nthunzi.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" unatero mutuwo.

Sindinadziwe koyang'ana, ndiye ndinayankha mapazi.

Anandiuza, akadali chadodolido, kuti zimenezi dzina lake ndi yoga. Anzawo a m'kalasi anawatengera kumalo ena m'tauni kumene anthu ophunzira bwino amalipira kuti atsekeredwe m'chipinda chotentha, azidzipinda. Iwo ataona choncho anayamba kufunafuna nyumba yoyandikana ndi moto. Anati ine ndine munthu wowononga, chifukwa kutentha kwabwino chotere ndakhala ndikukutaya zaka zonsezi. Pamene ndimatuluka malaya anali atandimata pamsana, iwo akufunsa ngati mawa ndiphika mabanzi ambiri.

Tisanazolowere zimenezo, kunabwera za mafilimu. Lamlungu masana msewu uli zii, tinamva mwamuna akubuula m'kachipindamo, mtsikana akukuwa, kenako mayi aja akusisima. Wometa wa pafupi nafe anasiya kasitomala atameta mbali imodzi, n'kuthamanga lumo lili m'manja. Tinakankha chitseko tonse atatu: ine, akazi anga ndi wometayo. Makatani anali otseka, laputopu ili pampando, mayiwo akupukuta misozi ndi thaulo.

"Akukana kumuluma," anatero, osatiyang'ana n'komwe. "Amamukonda kwambiri."

Pagalasi panali mnyamata wotuwa ngati wagwera m'thumba langa la ufa, mano awiri atatuluka, akununkhiza khosi la mtsikana. Mayiwo anatifotokozera kuti ameneyo ndi vampaya: anafa kalekale koma sawola, sakalamba, amaopa dzuwa, ndipo chakudya chake ndi magazi a anthu. Akamuluma mtsikanayo, naye asanduka wotero, akhala limodzi mpaka kalekale. Akapanda kumuluma, mtsikanayo akalamba n'kufa, iye n'kutsala.

Akazi anga anafunsa kuti makolo a mtsikanayo ali kuti pamene zonsezi zikuchitika. Anauzidwa kuti bambo ake ali kuntchito. Anafunsanso ngati mnyamatayo ali pa ntchito iliyonse. Anauzidwa kuti masana amagona.

"Mkamwini ameneyo ndikumudziwa," anatero wometa. "Anakwatira mchemwali wanga."

Palibe anaseka, chifukwa nthawi yomweyo mano aja anafika pakhungu. Akazi anga anagwira khosi lawo n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Sabata yonse anayenda atakulunga mpango m'khosi, dzuwa likuswa mtengo.

Chachitatu ndicho chinawapatsa dzina. Maphunziro atafika pa kutenga magazi, mayiwo anasiya kupereka moni ngati anthu ena. Akakugwira dzanja sankalisiya. Ankalitembenuza, n'kukwinya malaya ako, chala chawo chikuyenda pamkono.

"Achimwene, msempha wanu uwu ndi wokongola. Sindingauphonye ngakhale mumdima."

Anatero kwa ine, kwa wometa, kwa wokhoma nsapato, ngakhale kwa wapolisi amene anabwera kudzagula buledi. Posakhalitsa msewu wonse unayamba kuvala malaya a manja aatali. Anthu akawaona akutsika basi ankapinda manja n'kupereka moni ndi mutu. Kenako akazi anga anapeza malalanje m'bini, onse ataboolekabooleka timabowo. Mayiwo anati amaphunzirirapo kubaya singano, popeza anthu akuwathawa. Koma msewu unali utawerengera kale: chipinda chotseka, mafilimu a oyamwa magazi, kusirira misempha ya eni. Wina anaimbira foni mwana wawo. Akazi anga amati si iwo. Ine sindinenapo kanthu.

Mwanayo anafika patatsala masiku ochepa kuti amayi ake alembe mayeso omaliza, otenga magazi pamaso pa aphunzitsi. Anabwera ndi galimoto yaikulu ndi makatoni opanda kanthu. Anali munthu waulemu, wa suti ndi tayi, ndipo anayamba wandipatsa moni ine. Anati anzake a kuofesi aona kanema wa amayi ake ali chadodolido, wojambulidwa ndi ana a m'kalasi, ndipo wina anamufunsa pamsonkhano ngati m'banja mwawo onse amatha zimenezo. Anati anawamangira chipinda kunyumba kwake, cha makina oziziritsa, kuti azipuma n'kumalera zidzukulu. Sukulu ankawalipirira ndi iyeyo, ndiye mawu ake anali ndi mano. Tsiku limenelo anabwera kudzawatenga, mayeso kapena ayi.

Anandipempha kuti ndikawaitane. Mayiwo anayankha m'katimo kuti nthawi yawo sinathe, ndipo amene ali nawo mawu avule nsapato alowe.

Tsiku limenelo ndinali ndi oda ya mabanzi a ukwati, uvuni uli pa mphamvu zake zonse. Ndinamuuza kuti avule jekete. Anati satenga nthawi. Ndinaima pakhomo, chifukwa anafuna ndikhale mboni.

Anapeza amayi ake ataima ndi mwendo umodzi, wina atawugwira kumbuyo kwa mutu.

"Amayi, tsitsani mwendowo tikambirane."

"Makutu ali pomwepo, lankhula."

"Anthu akuti mwazungulira mutu."

"Anthu ake ati?"

"Onse."

Mayiwo anandiyang'ana ine. Ndinayang'ana denga.

Mwanayo analankhula bwino, ngati munthu wozolowera misonkhano. Ananena za ulemu wa banja, za msinkhu wawo, za zidzukulu zimene zikufunsa agogo. Thukuta linayamba pamphumi, n'kufika pa kolala, kenako tayi inasintha mtundu. Magalasi ake anachita nkhungu, ndipo anayamba kulozera chala khoma poganiza kuti ndi amayi ake.

"Khala pansi, mwanawe, watuwa."

"Sindikhala mpaka mutalonge..."

Anapindika pang'onopang'ono ngati makandulo a mphunzitsi uja. Ine ndinagwira miyendo, mayiwo mapewa, tinamugoneka pa matumba a ufa m'khonde. Mayiwo anamumasula tayi, anamugwira pamkono kumvetsera mtima, n'kutuma akazi anga madzi a shuga ndi mchere pang'ono. Sanathamange, sanakuwe. Atatsitsimuka anamumwetsa ndi supuni.

Kenako anamutambasulira manja awo pamaso. Anamufunsa kuti anawaona liti komaliza. Ine ndinali ndisanawayang'anitsitsepo: mfundo za zala zinali zotupa ngati mtedza, zina zitakhotera kumbali.

"Madzi ozizira a nsalu zija ndiwo anachita izi," anatero. "Mmawa zimakhala zitatseka ngati mapazi a nkhuku yakufa, batani la bulauzi limandikanika. Ndikatuluka m'katimu zimatseguka, singano ndimaigwira ngati mtsikana. Kunyumba kwako kuja ndimazibisa mu juzi kuti usaone."

Mwanayo anazigwira zalazo, n'kumazitembenuza monga mmene amayi ake ankatembenuzira mikono ya anthu. Patapita nthawi anafunsa motsitsa mawu kuti nanga mafilimuwo ndi a chiyani.

Apa mayiwo anachita manyazi, ulendo wanga woyamba kuwaona atatero.

"Bambo ako anatisiya ali wamng'ono kuposa iwe lero. Ndikawalota, iwo akadali mnyamata, ine ndi imvi zangazi. Ndiye ndimafuna nditaona ngati mnyamata wosakalamba angamukondebe mkazi atachita makwinya."

"Ndiye amamukonda?"

"Mafilimu onse amatha mtsikana asanakalambe. Ndikadafunafunabe."

Kuseri kwa matumba kunamveka munthu akumina. Anali akazi anga. Mabanzi a ukwati tsiku limenelo anapserera kunsi, ndipo makatoni a mwana uja anabwerera opanda kanthu monga mmene anafikira.

Panatsala vuto limodzi. Pa mayeso aja wophunzira aliyense ankayenera kubwera ndi munthu woti amutenge magazi, ndipo msewu wonse unali utadwala mwadzidzidzi. Wometa anati ali ndi ulendo. Wokhoma nsapato anati magazi ake ndi ochepa kale. Mmawa wa tsikulo galimoto yaikulu ija inaima pashopu, mwana uja atavala malaya a manja aafupi. Ndinamva kuti anakomokanso, koma singano inali italowa kale, ndipo inalowa kamodzi. Mayiwo anakhoza.

Anawalemba ntchito pa kachipatala ka pakona. Kachipinda kaja sanasamukemo. Msewu umene unkawathawa unayamba kufola pakhomo lawo la ntchito, chifukwa dzanja lawo silinkamveka. Njira yawo inali iyi: akakumanga mkono ankayamba kukusimbira filimu, ndipo pamene mnyamata wotuwa akutsegula zenera la mtsikana, iwo anali atamata kale thonje. Ukafunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani, ankati udzamva ukadzabwera kudzayezetsanso. Amuna amene sanapondepo m'chipatala chibadwire anayezetsa shuga chifukwa cha zimenezo, ndipo awiri anapezeka nayo nthawi ikadalipo.

Anagwira ntchitoyo zaka zingapo. Anamwalira masana, pa nthawi yopuma, atakhala pampando wawo, kapu ya tiyi ili pambali. Adokotala anati ndi mtima. Pamaliro panabwera ana a ku koleji ambirimbiri, ndipo analira kuposa achibale.

Msewu wathu tsopano ndi wa anthu olongosoka. Aliyense amayenda mutu uli m'mwamba, mapazi pansi, ndipo Lamlungu masana sikumveka kanthu. Koma anthu akakumana m'shopu mwanga, nkhani imafika pa filimu ina imene mayiwo anaiyamba miyezi yawo yomaliza. Aliyense anatsala ndi chidutswa chake. Wokhoma nsapato akudziwa mpaka pamene awiriwo anakumana pa mlatho. Akazi anga akudziwa kuti mtsikanayo anapeza imvi yoyamba n'kuibisa. Amalumikiza zidutswazo, amakangana, kenako amatembenukira kwa ine, poganiza kuti munthu wosalankhula ndiye amadziwa mathero. Ine ndimangowakulungira buledi.

Dzana mkangano unakula mpaka wometa anamenya tebulo. Anati atopa ndi mabodza athu, apita yekha akayezetse magazi akamve bwinobwino. Anatenga chipewa, anakwinya malaya mpaka pachigongono, anafika pakhomo.

Pamenepo anaima. Anaima nthawi yaitali, akuyang'ana chakupakona kuja, kenako anatsitsa dzanja la malaya n'kumanga batani.