Kavalo Wanga ndi Ulendo wa Zakeyo

Lolemba
Mnzanga Zakeyo anyamuka Loweruka, wapeza ntchito kumigodi ya ku Wanki. Chiphunzirire masewera a tchesi pa sitima yotibweza kunkhondo ya ku Burma, sindinamugonjetsepo. Vuto ndi dzanja langali, limathamanga mutu usanadzuke. Malamulo a mlungu uno:
- manja pansi pa ntchafu
- kuona zonse: ndikadya ichi adya chiti, kenako ine chiti
- macheza ayi.

Lachiwiri
Pansi pa mtengo wa mango, bolodi pa mtondo wozondotsa. Zakeyo akusuntha asilikali ake uku akusenda mtedza. Wayamba nkhani ya nyani amene adaba chisoti cha kopolo wathu, mkulu wa kagulu kathu kunkhondo, kutchire kuja. Ndamutontholetsa. Dzuwa lalowa nditasuntha kawiri.

Lachitatu
Ndaona njira yokoma yodyera mfumukazi yake. Ndaitsata mpaka kumapeto, ndabwerera, ndaitsatanso. Podzutsa mutu, mnzanga ali pa mkonono. Mkazi wanga, amake Esinati, akufuna mtondo wawo: "Nanga chimangachi ndisinjire pamutu panu?" Posamutsa bolodi kavalo wagwa. Takangana za pomwe anali.

Lachinayi
Manja achita dzanzi. Zakeyo akuyimba chapansipansi nyimbo ija tinkaguba nayo mvula ikutikwapula. Kukhosi kwandiyabwa kuti ndivomere, koma ndili pakati pa kuwerengera. Iye akuti, "Kale unkaluza msanga, tinkapeza nthawi yocheza."

Lachisanu
Sanabwere, akutsazika abale ku Zemba. Tsiku lonse ine ndi bolodi. Njira ndaipeza! Kavalo alumphe, mfumu yake ithawire pakona, linga langa litseke khomo. Mawa m'mawa watha.

Loweruka
Lole ya ku Fort Jameson yalawirira, ife timati ibwera masana. Ndathamangira kuboma bolodi kukhwapa, asilikali m'thumba. Zakeyo ali kale pamwamba pa matumba a mtedza. Akufuula kanthu, injini yameza mawu ake. Ine pomuyankha: "Kavalo!"

Lamulungu
Kutchalitchi mbali yake ya benchi ili pululu. Masana ndayalanso bolodi kuseri kwa nkhokwe, akulu ampingo asandione. Ndasuntha kavalo uja. Bishopu wa Zakeyo pabolodipo, amene sindinamuone mlungu wonse, wangomudya. Ndikadaluzabe basi, ndipo zimenezo sizikundiwawa. Chondiwawa n'chakuti munthu amene ndidagona naye m'dzenje limodzi zipolopolo zikudutsa pamwamba, ndamutsazika ndi dzina la nyama.