Ankhoswe a Njanji ku Attarin

Njanji imodzi ya sitima yoseweretsa pamsika wa zakale wa Attarin ndi mapaundi makumi awiri. Koma ikalumikizidwa ndi zinzake n'kuzungulira, kasitima n'kuyendapo, mtengo umafika chikwi. Masamu amenewa ndiwo ankadyetsa Ramzi, wamalonda wogula mabokosi a njanji zosakaniza, za ku Jeremani, za ku Italy, za ku Mangalande. Ndipo masamuwo ankatheka chifukwa cha malemu a Hilmi, amene sankati akulumikiza njanji ayi. Ankati akumanga ukwati.

Njanji za makampani osiyana sizilumana. Ina yayitala, ina yanenepa kukamwa. A Hilmi ankaziika patebulo la m'nyumba ya khofi, n'kuziyang'ana ngati ankhoswe.

"Mkamwiniyu ndi wamfupi, Ramzi. Wamutola kuti?"

"Ku Italy, amalume."

"Muvekeni nsapato!"

Ankang'amba katoni ya tiyi n'kumusomekera pansi. Mkwatibwi wodzikweza ankamupala mphuno ndi tupa. Akatero ankatsinzina, n'kuyendetsa chikhadabo polumikizirapo.

"Chikhadabo ndi apongozi," ankatero. "Chikakola, banja silikhala."

Ndalama ankakana. Malipiro awo anali shalubati, chakumwa chofiira cha paukwati, ndipo mwini njanji ankayenera kululutira, ngakhale wandevu. Loya wina anakana, akuti ulemu wake. A Hilmi anamasula njanjizo pomwepo.

"Ukwati wakuba ine ayi."

Loya analulutira mpaka amayi a m'chipinda cham'mwamba anasuzumira pazenera, kufunsa kuti wakwatiwa ndani.

Kamodzi kokha anakana ukwati. Dokotala wa mano, a Sabri, anabweretsa njanji yokhala ndi mzere wachitatu wa magetsi pakati, kuti ilumikizidwe ndi ya mizere iwiri.

"Awa magazi awo sagwirizana, adokotala."

"Inu osakwatira mudziwa chiyani za banja?"

"Ndi chifukwa chake ndidakali ndi tsitsi."

A Sabri anakanikiza okha, n'kuyatsa. Kunangomveka thu! Kautsi tolo, sitima zii, fungo la mphira kudzaza nyumba. A Hilmi anapsontha tiyi wawo.

"Othetsa maukwati ali pa khomo lachiwirilo."

A Hilmi anamwalira nyengo yozizira, mwakachetechete, zomwe sizinali khalidwe lawo. Tsopano tebulo lija amaseweretsapo madomino, ndipo nthungululu ikamveka mu Attarin ndiye kuti ndi ukwati wa anthu basi. Mwini nyumba ya khofi ija botolo la shalubati sanalichotse pashelefu.

Ramzi anatsala ndi bokosi lodzaza mbeta, zamapaundi makumi awiri zija, ndi tupa imene mlongo wa malemu anampatsa. Anayesa yekha. Pamaso zinalumana bwino, koma kasitima kakafika polumikizira kankagwa chagada. Anapala, anasomeka katoni, kanagwanso.

"Ukuyang'ana ndi maso, bwanawe," anatero mwini khofi. "Mkulu uja ankafunsa apongozi."

Ramzi anayang'ana zala zake. Zikhadabo zonse anali atazidya ndi nkhawa ya malonda, panalibe chokola.

Anaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina siinali ya phwete.

Wasiya kudya zikhadabo. Zikangomera, ayamba ndi mkamwini wa ku Italy, ndipo wauza mwini khofi kuti Lachisanu likudzalo adzatsitse botolo lija.