Foni ya a Tembo Inalibe Mlandu

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimafuna nthaka itang'ambika ndilowemo, koma poti manyazi sapha munthu, imvani.

Alamu anga a Mbewe ali ndi kaofesi kokonza mapepala a mathiraki pa boda ya Mchinji. Ine ndinawalembera kapulogalamu ka pakompyuta, m'chilankhulo chotchedwa Python, kodzaza mapepalawo. Kuyambira pamenepo anthu ankanditchula kuti injiniya, ine osakana.

Tsiku lina m'mawa magetsi anazima. Dalaivala wina wa ku Chipata, a Tembo, anapempha kutchaja foni pa laputopu yathu, ndipo ndinalola. Patapita kanthawi alamu anati ndikonze mapepala a a Tembo omwewo. Ndinadina, pulogalamu zii! Ndinadinanso, inangolavula mawu ofiira. Kuwerenga? Ayi, injiniya sawerenga. Maso anga anagwera pa chingwe cha foni ija.

"Vairasi!" ndinakuwa, n'kuzula chingwecho.

"Ba injiniya, foni yanga?" anafunsa a Tembo.

"Yanu yomweyi. Mwatipatsira matenda!"

Alamu anagwira m'mutu. Madalaivala amene anali pakhonde anabisa mafoni awo m'matumba. Wina anati vairasi yodutsa boda ndi yoopsa, inapha kompyuta ya msuweni wake. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndinali pa maliropo.

"Manje nichite bwanji?" anatero a Tembo.

"Kuifomata basi. Kufufuta zonse!"

Bambo aja anatola foni yawo. Kenako anandionetsa chithunzi cha kakhanda kokutidwa m'chitenje. Akazi awo anachira iwo ali pa ulendo, ndipo mwanayo anali asanamuone ndi maso. Zithunzi za mwanayo akazi awo anajambula ndi foni yobwereka kuchipatala n'kuwatumizira, kunalibenso kwina kozipeza.

"Vonse vili mwamene umu," anatero. "Koma ngati naononga nchito ya banthu, nizafafaniza."

Anayamba kufufuza pofomatira. Ndinawamvera chisoni kwambiri, moti ndinati ndione kaye dzina la vairasiyo, mwina ndi yochizika. Apa m'pamene ndinawerenga mawu ofiira aja. Ankangonena kuti Python, amene amayendetsa pulogalamuyo, sakupezeka.

Ndinakumbukira zonse. Dzulo lake ine ndemwe ndinakweza sisitimu yonse ya laputopu, popanda chifukwa china koma kufuna kuona maonekedwe atsopano. Sisitimu yatsopanoyo inachotsa Python wakale n'kuika wina. Koma venv, kafoda komwe pulogalamu imasungamo zida zake, inkalozabe kwa wakale uja, ngati munthu wogogoda pa nyumba imene mwini wake anasamuka.

"A Tembo, imani! Musadine!"

Chala chawo chinali kale m'malere.

Mankhwala ake anali apafupi: kufufuta venv yakale, kupanga ina, n'kukoperanso zida zija pa intaneti. Koma rauta, kabokosi kathu ka intaneti, inali itazima limodzi ndi magetsi, ndipo bandulo yanga ndinaimalizira pa ukatswiri wa dzulo uja. Foni ya alamu ndi ya mabatani. Anzathu a pakhonde, nditangowayang'ana, anagwiritsa matumba awo.

"A Tembo," ndinatero, mawu ali pansipansi, "mungandiyatsireko hotisipoti, mundigawireko intaneti?"

"Pa foni yamene ili na vairasi?"

Ndinaulula zonse, anthu onse akumva. Pakhonde panaphulika chiseko. Alamu anayang'ana kudenga ngati sakundidziwa.

A Tembo sanakalipe. Anayatsa hotisipoti, netiweki ya kwawo inagwira bwino, ndipo zida zinatsika. Pulogalamu inadzuka, mapepala anadzazika. Bambo aja anayang'ananso chithunzi cha mwana wawo, n'kuika foni m'thumba la malaya. Ali pakhomo anatembenukira kwa alamu, n'kuloza ine.

"Ba Mbewe, vairasi yanu ni iyi yankhala pa mpando. Iyi ndiye muifomate!"

Musanaloze chala foni ya mnzanu, yambani mwakumbukira zimene chala chomwecho chinadina dzulo.